Wometa ndi Kaseti ya Bambo Ake

Mumsewu wathu aliyense amamutchula kuti Chipeso. Dzinali linabwera chifukwa cha chipeso chakuda chimene chimakhala m'thumba la malaya ake kuyambira m'mawa mpaka poweruka, ngakhale mitu yambiri imene amameta masiku ano siifuna kupesa. Ali ndi zaka makumi asanu ndi chimodzi. Wameta anthu zaka makumi atatu m'kachipinda kamodzi komweko. Muli mpando umodzi wachitsulo, galasi lothimbirira m'mphepete, benchi ya odikira, ndi dirowa pansi pa galasi momwe amasungamo malezala, burashi ndi mafuta a makina.

Ntchito yake imayenda ndi nyengo. Kukazizira anthu amasunga tsitsi, iye n'kumaothera dzuwa pakhomo. Mphepo ya fumbi ikayamba amatsuka makina kawiri pa tsiku. Kukatentha benchi imadzaza, aliyense akufuna mpala. Mvula ikagwa amayala makatoni pakhomo chifukwa cha matope.

Si munthu wolongolola. Amadziwa mutu wa aliyense, pamene pali chipsera ndi pamene dazi layambira, koma sanena. Mkazi wake amasoka zovala kumsika, ana awo awiri anakula n'kuchoka. Kuseri kwa shopu kuli nyumba yawo, ndipo m'chipinda chakumapeto mumakhala bambo ake.

Kumbuyo kwenikweni kwa dirowa ija kunkakhala kaseti yokulungidwa m'kansalu. Inakhala ndi iye zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo panalibe wina ankadziwa.

Bambo ake ali mnyamata ankapenta nyumba mkati mwa sabata, koma Loweruka ankavala jekete loyera n'kukaimba lipenga m'bandi ya pahotela. Anali anthu asanu, ankaimba jazi. Bandiyo inajambulidwa kamodzi kokha, masana ena, ndi munthu wa pawailesi amene anawasiyira kaseti imodzi. Anzawo anayi anagwirizana kuti isungidwe ndi woimba lipenga, chifukwa ndi yekhayo amene sankamwa. Bambo anathyola timano tiwiri ta pamwamba pa kasetiyo. Ukathyola timano timeneti pamatsala timabowo, ndipo batani lojambulira limakana kulowa, choncho palibe angafufute zimene zilimo mwangozi. Anaiika pamwamba pa kabati m'chipinda chawo. Ankaimvetsera mwa apo ndi apo, makamaka wina mwa anzawo aja akamwalira.

Chipeso ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, pawailesi panayamba kumveka nyimbo zachilendo, za anyamata olankhula mothamanga pamwamba pa ng'oma. Zinkaulutsidwa Lamlungu masana, ola limodzi basi. Zinamugwira mtima moti sabata yonse ankayenda akung'ung'udza. Ankafuna kuzijambula, koma analibe kaseti yopanda kanthu. Mnzake wa kusukulu anamupatsa nzeru: ukamata selotepi pa timabowo tija, batani limalowa.

Lamlungu lina onse akupita kutchalitchi, iye anadandaula mutu n'kutsala. Anakwera pampando, anatsitsa kaseti, anamata selotepi. Batani linalowadi.

Lachitatu bambo anapapasa pamwamba pa kabati osapezapo kanthu. Anaitana ana awo awiri. Achemwali ake a Chipeso, amene ndi aakulu kwa iye ndi zaka zitatu, ndiwo ankasesa m'chipinda cha makolo, ndiponso ankabwerekana makaseti ndi atsikana anzawo. Bambo atamuyang'ana iye, Chipeso anati, "Ndinaona achemwali akuika kaseti m'chikwama."

Achemwali analumbira mpaka kulira. Bambo sanawamenye, sanawakalipirenso. Anangosiya kuseka nawo. Kuyambira achemwali ali kamwana, bambo ankawalonjeza kuti tsiku la ukwati wawo adzaimba lipenga mpaka milomo kutupa. Patapita zaka ziwiri ukwati unachitika, ndipo lipenga linakhala pansi pa bedi. Bambo anapereka moni kwa alendo, anadya, anabwerera kunyumba. Achemwali anasamukira ku tauni ina komwe amachapa zovala pachipatala. Mayi anamwalira nkhaniyi ili choncho. Kuchokera pamenepo achemwali ankabwera kamodzi pa chaka, mvula ikamayamba, n'kukhala masiku awiri ngati mlendo. Iwo ndi bambo ankafunsana za ulendo ndi za miyendo, basi.

Chipeso sanamvetserenso nyimbo zija. Zikayamba pawailesi ankasintha siteshoni. Kasetiyo sanaiike m'wailesi ngakhale kamodzi, koma kuitaya kunamukanika. Ankadziuza kuti anajambula mbali imodzi yokha, ndipo mbali inayo bambo akadalimo, akungodikira tsiku labwino.

Chaka chino, nyengo yozizira inawavuta bambo. Anatsokomola miyezi iwiri, ndipo atadzuka malaya onse anali atawakulira. Nthawi yomweyo kachipinda koyandikana ndi shopu kanapeza mwini watsopano, mayi wa zaka ngati makumi atatu wokonza mafoni. Onse ankangomuti Sisi wa mafoni. Pakati pa zipinda ziwirizi pali khoma la matabwa, ndipo Sisi ali ndi sipika.

Loweruka lililonse masana Chipeso amameta bambo ake ndevu. Mano awo akutsogolo anatha kale, ndipo lipenga silimveka popanda mano, moti papita zaka zoposa khumi asanaliike pakamwa. Loweruka lina kukutentha, nyenje zikulira, mitengo ya mumsewu itatulutsa masamba ofiira mvula isanagwe, anawakhazika pampando n'kuwafunditsa nsalu. Atawapaka sopo, kuseri kwa matabwa kunayamba nyimbo. Poyamba linali lipenga lokha, lofatsa, lokwera pang'ono n'kutsikanso. Kenako inalowa ng'oma yolemera, kenako munthu wolankhula mosafulumira. Lipengalo linkangobwereza pomwepo.

Lezala lili pakhosi pa bambo, Chipeso anaona nsalu ikugwedezeka pabondo. Zinali zala zitatu za dzanja lawo lamanja, zikukwera ndi kutsika.

"Ima kaye," anatero bambo.

"Ndakuchekani?"

"Ukanandicheka ukanamva. Ndani akuimba lipenga uyo?"

"Ndi za achinyamata izi, bambo. Ndikamuuze achepetse."

"Ndafunsa kuti ndani, sindinati ukachepetse. M'makutu mwakomo mwalowa tsitsi la anthu?"

Chipeso anagogoda pa matabwa. Sisi anabwera atagwira foni yophwasula m'manja.

"Ndasokosa, a Chipeso? Pepani."

"Ayi, agogo akufunsa za lipengalo."

"Ooh! Imeneyo yangotuluka mwezi uno, agogo. Ndi hipihopu. Koma lipengalo si la lero. Amatenga chimbale chakale cha jazi, n'kudulako kachidutswa, n'kumakabwereza. Pansi amaikapo ng'oma, pamwamba munthu n'kumalankhula."

"Ndiye kuti woimbayo anamwalira?"

"Mwina kalekale."

"Wamwalira koma akugwirabe ntchito Loweruka," anatero bambo. "Ife tinkayesa tikafa tikapuma."

Sisi anaseka mpaka kukhala pa benchi.

"Nanga uyu akubwebweta pamwambayu," anapitiriza bambo, "sangadikire mkulu amalize?"

"Ndiye nyimboyo imeneyo, agogo!"

"Ibwereze."

Anaibwereza katatu. Sopo anauma kumaso kwa bambo, Chipeso n'kupakanso wina.

Kuyambira tsiku limenelo Loweruka masana linasintha. Sisi ankatseka kwake kwa theka la ola, n'kubwera ndi sipika ndi nyimbo zatsopano zimene wasankha mkati mwa sabata. Bambo ankatseka maso n'kumazisenda ngati munthu wosenda chipatso. "Besi iyi si ya magetsi, ndi ija yaikulu yoimirira. Tamverani chala chikukhula pa waya." Ina ikayamba ndi piyano ankati, "Uyu dzanja lamanzere ndi laulesi, koma akudziwa chimene akuchita." Zina ankazikana atangomva chiyambi. "Chotsa, awa akungomenya zitseko."

Olankhula aja anayamba kuwamvetsa pang'onopang'ono. Panali mmodzi amene anamukonda. "Mnyamata uyu amalowa mochedwa dala. Amaisiya ng'oma ipite, iye n'kumabwera pambuyo ngati munthu wodziwa kuti basi simusiya. Ine ndinkatero. Woimba ng'oma wathu ankafuna kundigenda ndi ndodo."

"Ndiye munali a rapu, agogo," anatero Sisi.

"Ukatero usabwerenso."

Ankabwerabe. Bambo anayamba kudya bwino Lachisanu, ndipo Loweruka ankavala malaya a kolala asanauzidwe.

Chipeso nayenso anagwidwa. Anapempha Sisi kuti amuikire nyimbozo mu foni, n'kumazimvetsera akusesa tsitsi. Anapeza kuti chikondi chija sichinafe, chinangokhala phee ngati mbewu m'nthaka youma. Tsiku lina anapempha kuti amufunire za kale, za nthawi ya unyamata wake. Atazimva anakhala pansi. Malipenga analimo kuyambira kale. Piyano inalimo, besi ija inalimo. Ali mnyamata ankangomva ng'oma ndi mawu, osadziwa kuti pansi pake panali nyimbo za mtundu womwewo umene anafufuta. Bambo akamaseka pampando uja, iye ankayang'ana pansi. Dirowa inali pafupi ndi bondo lawo.

Mitambo itayamba kusonkhana masana n'kumabalalika madzulo, Sisi anafunsa funso limene aliyense akanafunsa.

"Agogo, nanga inuyo nyimbo zanu zili kuti? Ndili ndi msuweni wanga amapanga zimenezi pa kompyuta. Safuna zambiri. Masekondi khumi okha, basi mwalowa m'mafoni a anthu."



"Inalipo imodzi," anatero bambo. "Mwana wanga wamkazi anakaipereka kwa anzake."

Ananena mopanda mkwiyo, ngati munthu wonena kuti chaka chakuti mvula inachedwa. Lezala la Chipeso linaterereka, ndipo kunsi kwa khutu la bambo kunatuluka kadontho ka magazi. Chiyambire anali asanawachekepo.

"Wakalamba iwe," anatero bambo.

Masekondi khumi aja anamukhala m'mutu. Anaganiza kuti ngati mbali ina ija ilipo, adzapita nayo kwa Sisi, msuweni adzapanga nyimbo, ndipo adzaulula ali ndi kanthu m'manja. Bambo akadzamva lipenga lawo likulira pansi pa ng'oma, mwina mawu enawo adzalowa mosavuta.

Anabwereka wailesi ya kaseti kwa wowotcherera zitsulo wa kumapeto kwa msewu, amene sataya chinthu. Lachiwiri masana, nthawi imene kulibe makasitomala, anatseka chitseko. Selotepi ija inali ikadalipo, itasanduka yachikasu. Mbali yoyamba inali monga ankayembekezera: ng'oma, anyamata olankhula, muulutsi akudula nyimbo pakati. Anaitembenuza. Ng'oma zomwezo. Anathamangitsa patsogolo, anaima, anamvetsera. Anathamangitsanso. Chakumapeto pulogalamu ya pawailesi inatha, ndipo panali kaphokoso ka batani.  Kenako anamva mawu a mnyamata, opyapyala, akuyesera kulankhula mothamanga m'chinenero chimene sankachidziwa, akumenya tebulo ndi chikhatho, akulakwitsa n'kuyambiranso. Anali iye mwini. Anali atadzaza malo otsalawo ndi mawu ake mpaka tepi inatha.

Panalibe ngakhale mpweya umodzi wa lipenga.

Anakhala pampando wa makasitomala kwa nthawi yaitali. Kunja kwa shopu kuli ngalande yakuya, ndipo mvula yoyamba imakokolola chilichonse. Anaiyang'ana ngalandeyo tsiku limenelo ndi tsiku lotsatira, akuganiza zoponyamo kasetiyo. Koma ankaonanso mmene bambo ankapumira akayenda kuchoka kuchipinda kufika pa shopu. Achemwali amabwera kamodzi pa chaka. Sanali wotsimikiza kuti chaka chamawa adzawapeza bambo ali moyo.

Achemwali anafika Lachisanu, mphepo ikununkha mvula imene yagwa kwina. Anabweretsera bambo juzi. Anafunsana za ulendo ndi za miyendo. Loweruka m'mawa Chipeso anapempha Sisi kuti tsiku limenelo asabwere. Masana anapita kuseri komwe achemwali ankayanika zovala.

"Achemwali, tabwerani mudzandigwirire beseni."

"Masiku onsewa amakugwirira ndani?"

"Tangobwerani."

Anabwera akupukuta manja. Chipeso anameta kaye ndevu zonse, chifukwa ankadziwa kuti akayamba kulankhula dzanja silidzagwiranso lezala. Anawapukuta bambo ndi thaulo, anachotsa nsalu, anatsegula dirowa. Anaika kaseti m'manja mwawo.

Bambo anaiyandikiza kumaso. Pa kapepala kake panali zolemba za dzanja lawo. Chala chawo chachikulu chinayenda pamwamba mpaka chinapeza selotepi, n'kuima pomwepo.

"N'chiyani chimenecho?" anafunsa achemwali.

"Ndi kaseti ija," anatero Chipeso. "Simunaitenge inu. Ndinaitenga ndine. Ndinamata selotepi n'kujambulapo za pawailesi. Bambo atafunsa ndinatchula inu."

Achemwali anaika beseni pansi pang'onopang'ono, madzi osatayika.

"Bwerezanso."

Anabwereza.

"Yakhala kuti?"

"M'dirowamu."

"Umu? Ine ndimakhala pa benchi iyo chaka chilichonse, kukufunsa za ana ako, iyo ili umu?"

"Eya."

"Bambo alimo?"

"Mulibe. Ndinadzaza mbali zonse."

"Iike. Ndimve chimene ndinafera."

Wailesi ya wowotcherera inali ikadali pansi pa benchi. Tepi inali pamene anaisiyira, choncho atabweza pang'ono n'kudina, m'chipindamo munamveka mnyamata uja akumenya tebulo, akupunthwa pa mawu, akuyambiranso. Achemwali anamvetsera atapinda manja. Kenako anaseka, kuseka kouma kopanda chimwemwe.

"Zimenezi? Ukwati wanga unapita chifukwa cha zimenezi? Sunkatha n'komwe!"

"Sindinkatha."

"Ukanakhala katswiri bwenzi ndikuti chabwino, m'banja mwatuluka woimba wina. Koma iwe!"  Anatembenukira kukhoma.

Bambo anatambasula dzanja n'kuzimitsa wailesi.

"Tuluka," anatero.

"Bambo, ine..."

"Tuluka. Ndilankhule ndi mwana wanga."

Chipeso anatuluka n'kutseka chitseko. Anaima pansi pa khonde la malata. Sisi anasuzumira, anaona nkhope yake, anabwerera mkati n'kuzimitsa sipika. Kasitomala wina anafika akuvula kale chipewa, ndipo anamuuza kuti abwere mawa. Madontho oyamba anagwa, akuluakulu, otalikirana, akudzutsa fumbi. Kudzera m'chitseko ankamva mawu a bambo, otsika, akuima n'kuyambanso, koma sankamva zimene akunena. Anamva achemwali akukweza mawu kamodzi. Kenako ankangomva mvula yokha pa malata.

Achemwali atatuluka maso anali ofiira.

"Akuti ndikhale mpaka mwezi uthe," anatero. "Ndiimba foni kuntchito."

"Achemwali, ndinali mwana..."

"Unali mwana Lachitatu lija. Pa ukwati wanga unali ndi ndevu. Unavala taye, unanyamula mipando, unandiona ndikuyang'ana kuchitseko ngati bambo abwera ndi lipenga."

"Ndinakuonani."

"Bambo andipepesa. Munthu wa zaka makumi asanu ndi atatu, kundipepesa ine, chifukwa cha bodza lako. Zimenezo tikonza ndi iwo. Koma mayi anapita akudziwa kuti ndine wakuba. Amenewo ukawauza bwanji?"

 Achemwali anadikira ndithu, ngati munthu wofunadi yankho. Kenako anafunda mpango kumutu n'kudutsa m'mvula kulowera kuseri.

Anakhala milungu itatu. Ankadya ndi bambo m'chipinda chakumapeto, chitseko chili chotsegula, ndipo nthawi zina kunkamveka kuseka. Loweruka lotsatira anabwera nawo ku shopu, anakhala pa benchi pambali pa Sisi, bambo n'kumawafotokozera chimene besi ikuchita. Achemwali anati nyimbozo ndi phokoso, koma sanachoke. Bambo ankalola kuti Chipeso awamete, koma sankamunyozanso, ndipo iye anaona kuti kunyozedwa kuja n'kumene kunali kukondedwa. Achemwali ankamulankhula za mankhwala a bambo ndi za madzi osamba, osapitirira apo.

Pofika tsiku lonyamuka udzu unali utamera m'mphepete mwa ngalande. Achemwali anadutsa pa shopu ndi chikwama m'mawa, iye akumeta mwana wa sukulu. Anazimitsa makina n'kuthamangira kukachilandira.

"Siya, ndili ndi manja," anatero. Anayenda masitepe angapo, kenako anaima osatembenuka. "Basi imanyamuka hafu teni."

Chipeso anamaliza mutu umene anauyamba, anauza awiri a pa benchi kuti amukhululukire, anatseka shopu n'kuwatsatira kudepoti.